Mutu 5: Botolo la Ulusi Wofiira

1. Katundu wa Amayi

Sitima yochokera kwawo ku Sibiu idawoloka malire a dziko n'kufika mumzinda wa Budapest m'mawa, ndipo Ilinca adatsika ali wokwiya kale. Kumsana adabereka chikwama cha paulendo ngati anzake awiri, Sorana ndi Horia. Koma kudzanja adali ndi chinanso: chikwama chamizeremizere chomwe amayi ake ankapita nacho kumsika. M'katimo mudali mabotolo atatu a zakuska, ndiwo ija ya mabiringanya ndi tsabola wowotcha yomwe khomo lililonse la kwawo limaphika chisanu chikamayandikira.

"Anthu amayenda ndi kamera," adatero Horia akuyasamula, "koma mnzathuyu wanyamula khitchini yonse ya amayi ake."

"Ukanandithandiza kunyamula m'malo motsegula kukamwa," adayankha Ilinca.

Atatuwa adali atangomaliza sekondale. Adagwirizana zoyenda pa sitima mpaka kunyanja ya ku Croatia asanayambe koleji. Ku Budapest adali ongodutsa. Sitima yawo ya ku Zagreb, likulu la Croatia, idali yonyamuka dzuwa litapendeka, ndipo tsikulo padalibe ina.

Mabotolowo adali a Codrin, mchimwene wake wa Ilinca. Codrin adasiya koleji pakati n'kupita kukaphika m'lesitilanti ku Budapest. Kuyambira tsikulo bambo awo, a Octavian, adaletsa kutchula dzina lake pakudya.

Dzulo lake asananyamuke, bambo atatuluka kukawona galimoto, amayi a Viorica adakokera Ilinca kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Khala pansi, foniyo uike uko," adatero. "Ukangotsika sitima, pita kumene amagwira ntchito achimwene ako usanawone china chilichonse. Nyumba zakale za mumzindamo sizithawa, zidalipo iwe usanabadwe. Usamuimbire kuti ukubwera. Mwana wanga ndimamudziwa, apeza chonamizira. Usasiyire munthu wina kuti akamupatse, ayi. Umupatse m'manja mwake, ndipo umuyang'ane kumaso. Ine chaka chachiwiri chino ndimangomva mawu okha. Ndikati yatsa kamera, akuti inawonongeka. Kamera yanji yowonongeka zaka ziwiri? Iwe ukakhale maso anga. Nsalu ndakulungirazi usamasule, ndipo ulusi wofiira uli pa chivindikiro ichi usaduke. Bambo ako akafunsa, muno muli nsapato. Wamva? Usandiyankhe ndi mutu, yankha ndi pakamwa."

Ilinca adayankha ndi pakamwa. Za ulusiwo sadafunse. Adangoti ndi chizindikiro cha botolo lowawa tsabola, poti amayi ake sankasowa chomangirira pa zivindikiro.

2. Ichi Chakoma, Ichi Chakoma

Pa siteshoni adatsekera zikwama zawo zazikulu m'timakabati tosungira katundu. Cha mizeremizere chidatsala m'manja mwa mwini wake.

"Tiyeni tiyambe kwa achimwene," adatero Ilinca. "Tikasiya izi, tsiku lonse likhala lathu."

"M'mawa uno?" adafunsa Sorana akupesa tsitsi pa galasi la foni. "Lesitilanti iti yatsegula kale? Tikangoima pakhomo ngati opempha. Tiyeni tiwone kaye mtsinje, kenako tipita."

Zidamveka zanzeru. Mawu opotoza munthu nthawi zambiri amamveka anzeru ndithu.

Asanafike kumtsinje, Horia adanunkhiza langoshi, buledi wokazinga uja wopaka adyo ndi tchizi, ndipo miyendo yake idakana kuyenda. Adadya mmodzi, nati sadamve kukoma bwino, n'kugula wachiwiri. Pa mlatho Sorana adafuna chithunzi. Choyamba tsitsi lidaphimba maso. Chachiwiri mudalowa gogo wina ndi galu wake. Chachitatu mudalowa chikwama.

"Ilinca, chonde, chotsa chinthu chakocho! Anthu aziti tabwera kudzagulitsa anyezi."

Kenako adati akwere phiri kuti awone mzinda wonse. Ilinca adakwera mabotolo akumugunda m'mabondo, zogwirira zikumudula zala. Atafika pamwamba adakhala pa benchi n'kutseka maso pang'ono. Atawatsegula adapeza Horia ali ndi botolo limodzi pamiyendo, akulivula nsalu ngati akusenda nthochi.

"Iwe! Ukutani?"

"Ndikungopeputsa katundu, aise. Codrin sadziwa kuti analipo atatu." Adatulutsa kansalu kamodzi n'kuyamba kuseka. Kadali kachipewa kabuluu koluka ndi manja, kakang'ono zedi. Adakaveka chibakera chake n'kumakagwedeza. "Taona! Amayi ako amaveka mabotolo zipewa kuti asagwidwe chimfine!"

Ilinca adalanda kachipewako n'kumumenya nako pamphuno. Pokulunganso adawona kuti nsalu zinazo zidalinso zing'onozing'ono: timasokosi, kajuzi, kabulangeti. Adapsa mtima ndi amayi ake omwe. Nsanza zonse za m'nyumba, mpaka kukatulutsa zakalekale za pansi pa bokosi!

"Tsopano tizipita," adatero.

"Tizipita," adavomera Sorana. "Koma malo osambira madzi otentha aja ali pansi pa phiri pompa. Munthu kufika ku Budapest osasamba? Kusukulu akatiseka. Tingonyika miyendo basi."

Apa ndi pomwe Ilinca akadakana. Koma msana udali kuwawa, zala zitatupa, thukuta lili chuchuchu. Adasiya chikwama m'chipinda chovulira n'kulowa m'madzi. Madziwo adali ofunda bwino, ndipo palibe adangonyika miyendo. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pomwe ankatuluka, tsitsi lili nyowe, mabelu a tchalitchi adali ataimba kale za masana.

3. Mayi Erzsi

Lesitilanti adaipeza movutikira, Horia atawasocheretsa kawiri ndi mapu a pa foni omwe adawagwira chozondotsa. Mnyamata woperekera zakudya sadamve chinenero chawo. Atamva dzina loti Codrin adakweza mapewa n'kukuwira kukhitchini.

Kudatuluka mayi wachikulire, wamfupi, manja ali ufa wokhawokha. Dzina lake adali Erzsi, ndipo adakulira ku Târgu Mureș, kufupi ndi kwawo kwa Ilinca.

"Ndani akufuna Codrin?"

"Ndine, amayi. Ndine mlongo wake."

Mayi Erzsi adamuyang'ana kuyambira kutsitsi lonyowalo mpaka ku nsapato. "Chibwano chokhacho ndakhulupirira. Koma Codrin adasiya ntchito kuno chisanu chitangotha. Simukudziwa?"

Sabata yapitayo chabe Codrin adauza amayi pa foni kuti kulesitilanti zinthu zikuyenda bwino.

"Ali kuti tsopano?"

"Amaphika buledi ku Újpest, kumapeto kwa sitima ya pansi pa nthaka. Amakhala m'nyumba yayitali yachikasu kuseri kwa bekaleyo. Mwafika liti mumzinda muno?"

"M'mawa," adayankha Ilinca akuyang'ana pansi.

"M'mawa! Ndiye mukubwera pano ndi tsitsi lonunkha madzi a kosambira." Mayi Erzsi adapukuta manja pa epuloni. "Tamvera mwana wanga, ndilankhule ngati azakhali ako, poti amayi ako ali kutali. Inu mukatuluka kwanu ndi zikwama kumsana mumati mukukawona dziko. Ndi bwino, kawoneni. Koma mizinda mukujambulayi muli abale anu. Ndi amene akutsuka mbale mwadyerazo, ndi amene akukolopa mosambira mwachokeramo. Mlongo wakoyo ndinagwira naye ntchito chaka chathunthu. Chitseko chija chikatseguka, wina n'kulankhula chinenero chakwathu, ankasuzumira pa zenera la khitchini ngati mwana woyembekeza amake. Palibe ndi mmodzi yemwe wa kwanu adabwera. Lero wabwera mmodzi, n'kuyamba ndi kusamba. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana iwe. Phiri ukalipeza ngakhale utakalamba, koma munthu sakhala malo amodzi."

Horia adakhosomola. "Amayi, nanga titati tisiye mabotolowa kwa inu? Mukadzakumana naye mudzamupatsa. Ife sitima itisiya."

Mayi Erzsi adasuzumira m'chikwama. Adawona chivindikiro cha ulusi wofiira, adawonanso kachipewa kabuluu kakusuzumira m'mbali. Nkhope yake idasintha, ndipo adabweza manja kumbuyo.

"Katundu uyu sindilandira ine," adatero. "Amene anamanga ulusi umenewu amadziwa chomwe amachita. Ukapereke wekha."

4. Pa Mphambano

Kunja, Sorana adayang'ana foni n'kuyamba kupondaponda pansi.

"Újpest ndi uko, siteshoni ndi uko. Zonse ziwiri sizitheka. Ilinca, tamvera, ukawauze amayi ako kuti sunamupeze. Si bodza, sunamupezedi."

"Sindinamupeze chifukwa ndimasamba."

"Ndiye mlandu ndi wathu?"

"Ndinati tiyambe kwa achimwene. Iwe unati mtsinje. Uyu anati buledi. Iwe unati chithunzi, kenako phiri, kenako miyendo yokha!"

"Palibe anakunyamula kukuponya m'madzi," adatero Sorana. "Unalowa wekha, ndipo unali womaliza kutuluka."

Mawuwo adamuwawa Ilinca chifukwa adali owona.

Horia adayesa kuyanjanitsa mwa nzeru zake. "Atsikana, musakangane. Tikwere sitima, mabotolo tikadyere kunyanja, Codrin tidzamugulira ena pobwerera. Aliyense wapindula."

"Iwe ukaganiza, umaganiza ndi mimba," adatero Ilinca.

"Ulendowu takhala tikuukonza chaka chonse," Sorana adapitiriza. "Malo ogona ku Zagreb tinasungitsa atatu. Unalonjeza kuti tiyenda limodzi mpaka kunyanja. Ndiye utitaye chifukwa cha mabiringanya?"

Ilinca adayang'ana mnzakeyo, yemwe adakhala naye desiki imodzi kuyambira ali aang'ono. Adayang'ananso chikwama chonyasa chija chomwe chidamuchititsa manyazi tsiku lonse. Kenako adachisinthira kudzanja lina.

"Si mabiringanya," adatero. "Amayi anati ndimuyang'ane kumaso. Pitani, ndikupezani mawa."

"Ukachedwa sitikudikira!" adakuwa Sorana.

"Ndikudziwa."

Adatsika masitepe olowera ku sitima ya pansi osacheuka. Kumbuyo adamva Horia akuitana, "Ilinca! Ngati sukamupeza, limodzi lokha undisungire!"

5. Nyumba Yachikasu

Bekale adaipeza yotseka, koma nyumba yachikasu idalipodi kuseri kwake. Pakhomo padali mayina ambiri, ndipo la kwawo lidali pamwamba penipeni, litalembedwa pamodzi ndi lina lomwe sadalidziwe. Chikepe chidali chakufa. Ilinca adakwera masitepe akutukwana chamumtima amayi ake, achimwene ake, Horia ndi aliyense amene adayambitsa zoika ndiwo m'mabotolo.

Adagogoda ndi phazi chifukwa manja adali atafa dzanzi.

Chitseko chidatseguka. Adaima pamenepo Codrin, atawonda, maso ali ofiira ndi tulo, tsitsi losameta. Paphewa pake padali khanda.

Codrin adatikita maso.

"Ilinca? Ukutani kuno?"

"Ine ndikutani? Inu achimwene, chimenecho n'chiyani?"

"Si chimenecho. Ndi mwana."

"Ndikuwona kuti ndi mwana! Wa yani?"

Kuseri kwake kudatulukira mtsikana wamtali atanyamula thewera. "Ndi wathu," adatero mofatsa. "Ine ndine Timea, kwathu ndi ku Oradea, dziko lanu lomwelo. Lowani mlamu, musaimire pakhomo. Ndakhala ndikumuuza munthuyu kuti tsiku lina wina adzagogoda."

Ilinca adalowa n'kugwetsa chikwama pa tebulo mwamphamvu kuposa mmene ankafunira. Mkwiyo wa tsiku lonse udapeza potulukira.

"Ndanyamula zinthu izi kuchokera ku Sibiu! Ndakwera nazo phiri! Ndasiyidwa ndi sitima, ndayambana ndi Sorana, ndakalipiridwa ndi mayi wosamudziwa. Inu muli phee kuno ndi mwana, n'kumanamiza amayi kuti kamera inawonongeka!"

"Ndikanawauza bwanji?" adatero Codrin akugwedeza khandalo. "Amayi akadziwa, bambo adziwa. Ukuwadziwa bambo. Anandiuza kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo mpaka nditakhala munthu. Ndiye ndiwaimbire kuti ndilibe digiri, ndimakanda ufa usiku, masana ndimalera mwana? Ndimafuna ndiyambe ndakhazikika."

"Mukhazikika mwanayu atamera ndevu."

Timea adaseka, nayamba kutulutsa mabotolo. Atamasula nsalu yoyamba adasiya kuseka. Adayala pa tebulo timasokosi, kajuzi, kabulangeti, kachipewa kabuluu. Zonse zidali zochapa bwino, zikununkhira sopo wa kunyumba.

Codrin adatola kachipewako n'kukatembenuza. "Aka kanali kanga," adatero chapansipansi. "Kali pa chithunzi chija cha pabalaza."

Timea adagwira botolo lomaliza. Mosamala adamasula ulusi wofiira pa chivindikiro osaudula. Adatenga kadzanja ka khandalo n'kumanga ulusiwo pa mkono, monga amachitira kwawo kuti diso loipa lisamugwere mwana. Pamenepo m'pamene Ilinca adazindikira chomwe Mayi Erzsi adawona m'chikwama muja. Adachita manyazi kuti iye, wobadwira mu mwambo womwewo, adauyesa chizindikiro cha tsabola.

"Amayi ako akudziwa za mwanayu," adatero Timea akuyang'ana Codrin.

"Sizingatheke. Sindinawauze."

"Tsiku lija mwana analira uli nawo pa foni, iwe n'kunena kuti ndi mphaka wa aneba. Mayi wobereka ana awiri ungamunamize kuti ndi mphaka?"

Codrin adakhala pansi pa mpando, kachipewa kali m'manja. Ilinca adamuyang'ana kumaso monga adatumidwira. Adawona kuti akulira, ndipo mkwiyo wake wonse udatha.

"Dzina lake ndani?" adafunsa.

Codrin adapukuta mphuno ndi mkono. "Octavian."

"Mwamutcha dzina la bambo?"

"Ndikanamutcha la ndani?"

Timea adaveka khandalo kachipewa kaja, ndipo kadamukwana ngati adachita kumuyeza. Adamupereka kwa Ilinca. "Nyamulani, azakhali. Ndi wopepuka kuposa mabotolo."

Ilinca adali atangomulandira pamene foni idalira m'thumba mwake. Adaitulutsa ndi dzanja limodzi. Adali bambo. Iwo ankaimba pa kamera nthawi zonse, ndipo ukapanda kuyankha ankaimbira Sorana, kenako makolo a Sorana, kenako apolisi.

"Usayankhe," adanong'ona Codrin.

"Akaimbira Sorana. Ndipo Sorana lero sanganditeteze."

Adayankha foni ataiyandikiza kumaso kuti iwonetse nkhope yake yokha.

"Mwakwera sitima?" adafunsa a Octavian, magalasi ali pamphuno. "Bwanji sindikumva phokoso la njanji?"

Ilinca asanayankhe, khandalo lidadzitambasula n'kukankha mkono wake. Foni idapendekeka pang'ono chabe. Adaibweza msanga, koma bambo ake adali atavula kale magalasi.

Adayandikitsa nkhope yawo ku foni.

"Ilinca," adatero a Octavian ndi mawu omwe mwana wawo adali asanawamvepo. "Chipewa chimenecho analuka ndi amayi anga. Tatembenuza foniyo ndione amene wachivala."